Apudeti Yabweranso: Zoyenera ndi Zosayenera kwa Osewera Magemu ku Mzimba

Ang'ono anga a pa boma pa Mzimba, a pa Jenda, ku Embangweni, ku Edingeni, ku Champhira mpaka ku Khosolo, takhalani pansi ndikuuzeni. Mkangano wanu wa apudetiwu wanyanya. Uyu akuti gemu yakoma, goloboyi wayamba kugwira mipira. Uyo akuti aiwononga, otchinga kumbuyo alemera miyendo. Wachitatu sakuyankhula n'komwe, bandulo yamuthera kutsitsa kuli pakati.

Kale gemu inkabwera pa CD n'kukhala momwemo mpaka CD itakalika. PES ya kampani ya Konami, dzina limene linayamba mu 2001, inkatuluka kamodzi pachaka. Pa 30 Seputembala 2021 inasanduka eFootball, yaulere koma yosamalizidwa, ndipo chiyambire tsiku limenelo eni ake akhala akuisoka zigamba. FIFA ya kampani ya EA, imene inayamba mu 1993, inasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, nayonso siipuma kukonzedwa. Dream League Soccer ndi Free Fire za m'mafoni mwanumo, chimodzimodzi. Ndi Minecraft yomwe, imene inatuluka mwathunthu mu 2011: eni ake a Mojang analengeza mu Seputembala 2024 kuti asiya apudeti imodzi yaikulu ya pachaka, azitulutsa zing'onozing'ono kangapo, ndipo osewera ake anagawikana monga mwagawikirana inumu.

Nonse muli ndi mfundo. Wokonda apudeti akufuna gemu yoyenda ndi nthawi, wodana nayo akufuna gemu imene zala zake zinaizolowera. Koma opanga magemuwa ali ku Tokyo ndi ku Vancouver, pa Wi-Fi yosatha. Wogula bandulo, wotchajitsa foni pa sola ya aneba, wofunika kukhalabe ndi anzake mawa, ndinu. Nthawi yotsitsira ndi njira yake muzilamula ndinu. Nzeru muli nazo, ndikudziwa, kungoti zimakuthawani mukaona batani lotsitsira apudeti.

ZOYENERA

Isanalowe

1. Onani kaye kukula kwake musanadine, chifukwa nambala ija ya MB kapena GB ndiwo mtengo wake, ndipo GB imodzi ndi ma MB 1,000, osati 100.

2. Lowani mu Play Store muzimitse zoti mapulogalamu azidzikonza okha, kuti tsiku lotsitsa muzisankha ndinu, osati foni ili phee m'thumba.

3. Mangirirani timu yanu ku Konami ID kapena ku akaunti ya Google lero lomwe, pakuti foni ikabedwa pa depoti kapena kugwera m'ndowa, timu imene mwavutikira zaka zitatu imatsala.

4. Sesani foni, mavidiyo a pa WhatsApp a chaka chatha achoke, chifukwa apudeti imafuna malo oposa kukula kwake kuti imasulidwe bwino.

5. Ngati mumasewera nokha popanda intaneti, dikirani masiku awiri mumve kwa amene atsogola, poti apudeti yothamangira nthawi zina imatsatidwa ndi ina yokonza zimene yoyambayo yaphwanya.

Ikamalowa

6. Gulani bandulo ya intaneti yonse, chifukwa ija ya WhatsApp ndi Facebook yokha siitsitsa gemu, mudzangoona mayunitsi anu akusungunuka.

7. Tsitsani usiku kapena mbandakucha anthu atagona, netiweki itapepuka. A kumudzi kumene imagwira pokwera chulu, sungirani tsiku lopita pa boma kapena pa Jenda.

8. Tchajani foni idzaze musanayambe, pakuti kutsitsa kumadya batire kuposa kuimba, ndipo foni yothima pakati pa ntchito imatha kukubwezani poyambira.

9. A pa Jenda ndi midzi ya m'malire, yang'anani dzina la netiweki pamwamba pa foni, chifukwa ikagwira ya ku Zambia mukulipira mtengo wa mlendo.

10. Pemphani hotspot ya mnzanu mwaulemu, munene kukula kwa apudeti ndipo muponyepo kangachepe, kuti mawa adzakutsegulireninso.

Italowa

11. Werengani uthenga wonena zimene zasintha. Chingerezi chake chikavuta funsani wa Fomu 4 pakhomopo, paja safunsa anadya phula.

12. Menyani kaye magemu angapo ndi kompyuta musanapite kwa anthu enieni, kuti zala ziphunzire liwiro latsopano popanda kutaya mapointi.

13. A eFootball, yang'anani zilembo za osewera anu Lachinayi lililonse, kuyambira A mpaka E, chifukwa zimatsata mmene munthuyo wasewerera ku timu yake yeniyeni sabata yapitayo.

14. Yenderaninso masetingi onse, poti zinthu zatsopano monga Smart Assist, imene Konami inabweretsa mu Seputembala 2024 kuti izithandiza kuwongola mpira, zimasintha kamvekedwe ka gemu m'manja.

15. Ipatseni sabata yathunthu musanaiweruze, pakuti zambiri zimene zimanyansa Lachinayi zimakhala zazolowereka pofika Lachitatu.

Pa mkangano

16. Mverani mnzanu wokakamira PES 2021, chifukwa ali ndi mfundo: gemu imene amaidziwa siisintha ali m'tulo, siifuna bandulo, ndipo Master League yake amaisewera mwamtendere.

17. Mveraninso wokonda zatsopano, pakuti Temwa Chawinga anapita ku Kansas City Current kumayambiriro kwa 2024 n'kumwetsa zigoli 20 mu ligi chaka chomwecho, ndipo EA Sports FC 24, yotuluka mu Seputembala 2023, sikanadziwa zimenezo popanda apudeti.

18. Tchulani chenicheni chimene chawonongeka, kaya ndi goloboyi wotuluka msanga kapena mpira wochedwa kuchoka paphazi, kuti anzanu athe kuyesa okha n'kukuvomerezani kapena kukutsutsani.

19. Mukachinyidwa gwirani mnzanu chanza, chifukwa apudeti imene yalowa kwa inu ndi yomweyo yalowa kwa iye.

20. Dandaulo lanu lilembeni pa Play Store kapena poyankha mafunso amene kampani imatumiza m'gemu, poti phokoso la osewera ndilo linakakamiza Konami kupepesa ndi kutulutsa eFootball yokonzedwa pa 14 Epulo 2022.

Ku shopu ya magemu

21. Eni shopu, tsitsani m'mawa ana ali kusukulu kapena usiku mutatseka, chifukwa makina amene akutsitsa salowetsa ngakhale tambala.

22. Sungani makina amodzi a gemu yakale, pakuti makasitomala a PS3, imene inathera pa PES 2018 ndi FIFA 19, ndalama yawo ndi kwacha yomweyo.

23. Lembani pakhoma gemu imene ili pa makina aliwonse ndi tsiku limene munaikonza komaliza, kuti wolipira adziwiretu chimene akugula.

24. Pa mpikisano gwirizanani gemu, mphindi, matimu ndi masetingi ndalama yolowera isanaperekedwe, chifukwa malamulo obwera chigoli chitalowa amabala ndewu.

25. Siyani malo okwanira pa PS4 ndipo ikani kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, poti makinawa amakopera gemu yonse pokonza, ndipo kuthima kwa magetsi pa nthawiyo kumatha kuononga mafayilo.

Ndalama ndi nthawi

26. Dziikireni malire a bandulo ya gemu pamwezi, kuti apudeti ikabwera kawiri mudziwe iti yolowa ndi iti yodikira.

27. Achimwene a ku Joni akamafunsa foni yoti abweretse mu Disembala, auzeni za RAM ndi malo osungira zinthu, chifukwa gemu imalemera chaka ndi chaka pomwe foni yanu ili pomwepo.

28. Tengani apudeti ku Play Store, App Store kapena PlayStation Store basi, pakuti kumeneko n'kumene mwini gemu amaika katundu wake weniweni.

29. Malizani kaye homuweki, kudimba ndi kumwetsa ng'ombe, chifukwa mphatso ya tsiku ndi tsiku ya m'gemu anaiikira dala kuti muzibwerera, osati kuti mukhute.

30. Patsani padi mlongo wanu ndi mng'ono wanu, muwaphunzitse zimene zasintha, poti dziko limene linabala Tabitha ndi Temwa Chawinga silingauze mtsikana kuti mpira si wake.

ZOSAYENERA

Isanalowe

1. Musadine batani chifukwa choti laoneka lowala, pakuti mawu oti "kakang'ono" amanena ndi munthu wa Wi-Fi, osati inu wa bandulo ya tsiku limodzi.

2. Musagone data ili yotsegula, chifukwa mudzadzuka gemu ili yatsopano, bandulo ili ziro, uthenga wa adada wa pa WhatsApp usanalowe.

3. Musadalire mutu wanu pa pasiwedi kapena kusiya wokonza mafoni akutsegulireni akaunti pa imelo yake, poti tsiku losintha foni timu idzakhala yake.

4. Musafufute zithunzi za ukwati wa achemwali kapena manotsi a sukulu pofuna malo a gemu, chifukwa gemu imatsitsidwanso koma zithunzizo sizibwerera.

5. Musadikire mpaka mphindi yokumana ndi mnzanu pa intaneti, pakuti kumeneko gemu yakale siiloledwa, mudzakhala mukuyang'ana mzere ukukwawa iye atatopa n'kuchoka.

Ikamalowa

6. Musatsitse ndi mayunitsi osagula bandulo, chifukwa ndalama imene ikanakwana sabata imatha nsima isanapse.

7. Musayambe kutsitsa muli pa kabaza kapena m'minibasi yodutsa ku Chikangawa, poti netiweki ikamabwera n'kuthawa m'mapirimo apudeti imangoduka.

8. Musasewere foni ili pa chaja itatentha, kapena kuifunditsa pansi pa pilo ikutsitsa, pakuti kutentha kumapha batire ngakhale m'chisanu cha Juni cha ku Luwawa.

9. Musasiye roaming yotsegula mukachokera kutsidya kukagula katundu, chifukwa foni siidziwa kuti mwabwerera kwanu mpaka itagwira nsanja ya kuno.

10. Musalumikize PS kapena foni yanu ku hotspot ya mnzanu mwakachetechete, poti makinawo amaona ngati apeza Wi-Fi yaulere n'kuyamba kumeza zonse zimene ankadikira.

Italowa

11. Musakhulupirire zilizonse za m'gulu la WhatsApp zoti "achotsa ichi, abisa icho", pakuti wotumiza uthengawo nthawi zambiri sanatsitse n'komwe.

12. Musathamangire kubetcherana ndi katswiri wa pa msika tsiku loyamba, chifukwa kuthamanga sikufika, ndipo iye wagona akuyeserera.

13. Musaphwanye foni Lachinayi m'mawa eFootball ikakana kutseguka, poti nthawi imeneyo Konami imatseka makina ake kuti ikonze, vuto si netiweki ya kwanu.

14. Musakweze zithunzi za gemu kufika pamwamba penipeni pa foni yofooka, chifukwa udzu wa m'bwalo udzakongola koma osewera adzayenda modukiza.

15. Musafufute gemu yonse mwaukali usiku woyamba, pakuti Loweruka mudzaifunanso, ndipo kuitsitsa yonse kumadula kuposa apudeti imene inakukwiyitsani.

Pa mkangano

16. Musamutche wachikale mnzanu wa gemu yakale, chifukwa mwina foni yake ndiyo yakana, ndipo si aliyense ali ndi m'bale ku Johannesburg.

17. Musanyoze wokonda apudeti kuti ndi wongotengeka, poti nanunso mumafuna jezi yatsopano ndi osewera amene asamuka kumene. Walira mvula walira matope.

18. Musangoti "aipha gemu" n'kuthera pomwepo, pakuti mawu amenewo ananenedwa chaka chatha ndi chaka chinacho, ndipo onenawo akusewerabe.

19. Musanamizire apudeti chigoli chilichonse chimene mwamwa, chifukwa wotulutsa goloboyi mpaka pakati pa bwalo munali inu.

20. Musatukwane mwini shopu, wogulitsa mayunitsi kapena mnzanu wa pa benchi, poti palibe mmodzi mwa iwo amene ali ndi kiyi wa ofesi ya ku Tokyo.

Ku shopu ya magemu

21. Musadine apudeti pa makina a eni ake inu muli kasitomala, chifukwa mzere wonse wa anzanu udzakhala manja m'thumba, ndipo bandulo yothayo si yanu.

22. Eni shopu, musasinthe makina onse tsiku limodzi, pakuti apudeti ikabwera ndi vuto mudzatseka chitseko Loweruka, tsiku la ndalama.

23. Musanamize ana kuti ndi gemu ya chaka chino pamene mwangosintha majezi ndi chithunzi choyambira, poti ana a masiku ano amazindikira mpira woyamba usanamenyedwe.

24. Musasinthe masetingi mobisa mnzanu atatuluka panja, chifukwa kupambana kotero kumakupatsani chigoli chimodzi n'kukulandani dzina pa msika wonse.

25. Musazule pulagi kapena kuzimitsa jenereta makina akulemba kuti akukonza, pakuti mphindi zisanu zimene mwapulumutsa zingasanduke ulendo wa ku Mzuzu kukafuna wokonza.

Ndalama ndi nthawi

26. Musagulire ma coin a m'gemu ndalama ya feteleza, ya fizi kapena ya tomato amene amama anakutumani kukagulitsa, chifukwa mtengo wake umatsata ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kulemera kwake munakumva.

27. Musakakamize foni yokalamba kunyamula gemu ya chaka chino, poti Dream League Soccer yopepuka imene ikuyenda bwino iposa eFootball yongoima.

28. Musatsitse fayilo ya pa linki yolonjeza ma coin osatha, ndipo musapereke nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money kwa wolonjeza osewera aulere, chifukwa mathero ake ndi akaunti yotsekedwa kapena ndalama zosowa.

29. Musachezere usiku kuthamangitsa wosewera amene akuti atha Lolemba mayeso a JCE kapena MSCE ali pakhomo, pakuti wosewera wina wonyezimira adzabwera sabata yamawa, koma mayeso ndi kamodzi pachaka.

30. Musalande mwana padi chifukwa choti sakudziwa zatsopano, poti mwezi wathawu nanunso munkadina batani lolakwika.

Mwamva, ang'ono anga. Makampaniwa sasiya kukonza magemu awo, chifukwa gemu yosinthasintha ndiyo imawabweretsera ndalama, ndipo inu simusiya kusiyana maganizo, chifukwa zala zanu, mafoni anu ndi matumba anu n'zosiyana. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika ndi kulola uthenga wa pa sikirini kukulamulani nthawi yogula, nthawi yogona ndi munthu wodana naye. Wofuna yatsopano atsitse atawerengera, wofuna yakale aisunge osachita manyazi, ndipo mukakumana pa benchi gwirizanani imodzi, mpira uyambe. Woluza agule chimanga chootcha, nonse mudye.